Amene akumwa madzi a Mulanje alipire phiri

Chichewa chili ndi njira ziwiri zonenera kuti chinthu sichilinso bwino. Mutha kunena kuti mbale yasweka, kapena kuti mbale yaswedwa. Mukati yasweka, nkhani yathera pomwepo, wina atenge tsache. Mukati yaswedwa, aliyense m'nyumbamo amatembenuka n'kufunsa kuti ndi yani. Ntchito yanga ndi yomasulira zolemba, ndipo malipoti a zachilengedwe amene amadutsa m'manja mwanga amakonda njira yoyambayo: nkhalango yawonongeka, mitsinje yaphwa, mitengo yatha, nthaka yaguga. Kenaka pamabwera mawu atatu otseka aliyense pakamwa, akuti kusintha kwa nyengo. Ine ndikuti Phiri la Mulanje lidachita kuwonongedwa, ndipo likuwonongedwabe, ndi anthu amene ali ndi mayina, maofesi ndi malole. Ndikutinso amene akumwa madzi ake ali nalo ngongole, ndipo nthawi yoti ayambe kubweza idakwana kale.

Kwa inu a ku Chipata, ku Tete kapena ku Harare amene simudalionepo, phirili lili kummwera chakummawa kwa Malawi, pamalire ndi Mozambique. Nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Lidangotumphuka pachigwa ngati chichulu cha mwala, ndipo mphepo yachinyontho yochokera kunyanja yamchere ikaligunda imatula madzi pomwepo. M'dzinja imakhala mvula. M'miyezi yozizira chimakhala chiperoni, kamvula kowaza ka nkhungu kamene kadatenga dzina kuphiri la Chiperone la ku Mozambique. Pamwamba pali zidikha za udzu, madambo ndi nkhalango za m'makwawa, ndipo zimenezi zimamwa madziwo n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila, Muloza, Phalombe ndi Sombani, mitsinje yonseyi imabadwira pamenepo. Ruo amamwetsa mbali zonse ziwiri za malire asanakathire mu Shire ku Chiromo. Phalombe ndi Sombani amakathira m'nyanja ya Chilwa, ija idaphwa mu 1995 n'kudzaphwanso mbali yaikulu mu 2018. Maboma a Mulanje ndi Phalombe okha ali ndi anthu oposa 1 miliyoni.

Kusintha kwa nyengo sindikukukana. Wokana apite ku Nkhulambe, m'boma la Phalombe, kumene mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adakhuthula mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi, miyala yaikulu ngati nyumba n'kutsika m'phiri pamodzi ndi matope kudzakwirira midzi, minda ndi misewu. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Freddy adatha masiku 36 asanazilale, ndipo palibe namondwe wina wolembedwa amene adakhalitsa chotero. Iye asanabwere kudadutsa Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022. Akatswiri a World Weather Attribution atafufuza mvula ya Ana adapeza kuti kutentha kwa dziko kudaiwonjezera ukali. Mpweya wotentha umasenza chinyontho chambiri, ndipo ukakumana ndi khoma la mamita 3,000 umatula katundu yense nthawi imodzi. Mvula yotere palibe nkhalango imene ingaitchinge yonse. Mu Marichi 1991 chigumula chochokera m'phiri la Michesi chidapha anthu mazanamazana ku Phalombe, n'kuti mitengo ikadalipo yambiri kuposa lero.

Makolo athu akaona zotere ankati kwadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimagumula nthaka chikamasamuka. Ankatero pofotokoza tsoka limene munthu sakadatha kuliletsa, ndipo pamenepo sindikuwanena. Koma Napolo sapita kukhoti, salipira chindapusa, sachotsedwa ntchito. Kusintha kwa nyengo ife takusandutsa Napolo wa anthu ophunzira. Paipi ikauma, ndi nyengo. Mlatho womangidwa ndi simenti yobedwa ukakokoloka, ndi nyengo. Mtengo wa fuko ukatha, nayonso ndi nyengo. Pamenepo mfundo yeniyeni yatidutsa. Ngati mvula izibwera yaukali kwa masiku ochepa, chilimwe n'kumatalika, ndiye kuti zidikha zosunga madzi pamwamba paja zakwera mtengo kuposa kale lonse. Munthu amene wamva kuti kukubwera njala safolera nkhokwe ndi udzu wowola.

Tengani nkhani ya mkungudza. Mtengo uwu asayansi amautcha Widdringtonia whytei, potsata Alexander Whyte amene adatola zitsanzo zake m'phirimu mu 1891, ndipo sumera wokha kwina kulikonse padziko lapansi. Phirili lidakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma mu 1927. Mu 1984 Kamuzu Banda adalengeza kuti mkungudza ndiwo mtengo wa fuko. Thabwa lake ndi lonunkhira, siliwola msanga, chiswe chimalilambalala. N'chifukwa chake mudzalipeza m'madenga a nyumba zakale za atsamunda, m'zitseko, m'maboti a kunyanja, ndi m'timabokosi togulitsa kwa alendo. Mu 2017 anthu atayenda m'phiri kuwerenga, adapeza mitengo yokhwima isanu ndi iwiri yokha. Mu 2019 mkungudza udalowa pamndandanda wa CITES wowongolera malonda a zamoyo zimene zikutha, koma apo n'kuti chogulitsacho chitatha kale.

Kodi idaupha ndi nyengo? Nsabwe za m'mitengo zochokera kunja zidaufooketsa kuyambira m'ma 1980. Moto udapsereza mbande. Paini wa ku Mexico amene adabzalidwa ku Chambe nthawi ya atsamunda adafalikira n'kulanda malo. Zonsezi n'zoona, koma chidaumaliza ndi sowo. Kwa zaka zambiri lamulo linkalola kucheka mitengo yakufa yokha, munthu atatenga chiphaso kunthambi ya zankhalango. Chotsatira chake ngakhale mwana akadachilosera: mitengo yamoyo idayamba "kufa", ina poisenda makungwa, ina poisonkhera moto patsinde.

Ndipo thabwa silitsika lokha m'phiri. Mnyamata amalisenza pamutu kwa maola, kutsetsereka nalo m'njira zoterera, kuti apeze ya ufa ndi sopo. Ameneyo ndiye timamuona m'nyuzipepala atakhala pansi, unyolo uli m'manja. Koma kunsi kwa phiri kumadikira lole. Loleyo ili ndi mwini wake, imadutsa pazipata za apolisi, ndipo kumene ikupita kuli wogula amene ali ndi ndalama zomangira nyumba ya zitseko zonunkhira. Boma lidatumizapo asilikali m'nkhalango, lamulo la zankhalango lidakhwimitsidwa mu 2020, zilango zidakula. Ine ndikufuna wina andionetse mayina a eni malole ndi a ogula amene adalawako zilango zimenezo. Chikoti chikamagwera wosenza yekha, malondawo sasiya, amangolemba wosenza wina mawa lake.

M'malipoti aja muli mawu ena amene ndimawamasulira kuti "zamoyo zamitundumitundu". Ndi mawu ozizira, sangadzutse munthu pampando. Bwanji tizitchula mayina? M'nkhalango za Mulanje muli nanzikambe amene sapezeka kwina kulikonse. Mu 2006 asayansi atafuna dzina la mtundu wake adabwereka mawu athu omwe, n'kumutcha Nadzikambia mlanjensis. Chichewa chidalowa m'Chilatini cha sayansi pamsana pa kanyama kamene kwawo, nkhalango za kuchigwa cha Ruo, kukucheperachepera. Mulinso zomera pafupifupi 70 zimene dziko lonse lapansi lingazipeze pa Mulanje pokha. Wina anena kuti anthu ali ndi njala ndipo ine ndikulirira nanzikambe. Ayi, ndikulirira mpopi. Nkhalango imene nanzikambeyo amakhalamo ndi yomweyo imagwira nthaka m'mbali mwa mitsinje, ndi yomweyo ili ndi ndere zolendewera m'nthambi zimene zimakola nkhungu ya chiperoni n'kuidonthetsera pansi. Ikachoka, mtsinje umasefukira ndi matope mu Januwale n'kudzatsala kamkodzo mu Okutobala.

Tibwere tsono kwa akumwa. Mzinda wa Blantyre kwa zaka zambiri wakhala ukudalira madzi a Shire, opopedwa kuchokera ku Walker's Ferry, ulendo wa makilomita pafupifupi 40 chokwera. Kukweza madzi chotero kumadya magetsi osaneneka, ndipo magetsi akathima mipopi imauma. Choncho boma lidabwereka madola 23.5 miliyoni kubanki ya Exim ya ku India, n'kuyala mapaipi kuchokera mumtsinje wa Likhubula, kudzera ku Nguludi kumene madziwo amayeretsedwa, mpaka mumzinda. Ntchitoyi idatsegulidwa mu 2019, ndipo idakonzedwa kuti izipereka malita 20 miliyoni patsiku. Kukoma kwake n'kwakuti mbali yaikulu ya ulendowo madzi amatsetsereka okha, phiri ndilo lidawakweza kale kwaulere.

Ntchitoyi isanayambe, anthu ena a ku Mulanje adaikana. Gulu la Citizens for the Protection of Mulanje lidati yambani mwabwezeretsa mitengo m'phiri musanatape madzi. N'zosavuta kunena anthu otere kuti ndi odana ndi chitukuko, koma funso lawo linali lanzeru kuposa mayankho amene adalandira: mukutenga madzi, mukusiya chiyani? Blantyre Water Board idalonjeza kubzala mitengo, ndipo ina idabzalidwadi. Koma paipi imamwa tsiku lililonse, usana ndi usiku. Banki ya ku India idzalandira zake ndi chiwongoladzanja chomwe, chifukwa pali pangano losainidwa. Phiri lilibe pangano lotere.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti anthu a m'munsi mwa mapiri ndiwo adaphunzitsa dziko lino kukoka madzi m'phiri. Kuyambira ku Chingale, m'boma la Zomba, mu 1968, kenaka ku Chambe, ku Mulanje West ndi ku Phalombe m'zaka zotsatira, anthu a m'midzi adakumba okha ngalande za mapaipi ndi makasu awo, makilomita mazanamazana, popanda malipiro. Mipopi yambiri ya nthawi imeneyo lero ili gwaa. Mapaipi adakalamba, anthu adachuluka, ndipo malo otapira madzi amakwiririka ndi mchenga kapena kukokoloka chigumula chikangodutsa. Mayi amene waima pamzere pamjigo, akudziwa kuti madzi a phiri la kwawo ali paulendo wa ku Blantyre, mukapita kukamuphunzitsa za kusamala zachilengedwe muyambe mwachita manyazi.

Akumwa ena ndi maesiteti a tiyi. Kuyambira m'ma 1890 adatenga nthaka yachonde ya kummwera kwa phiri, kumene mvula imagwa yambiri. Amathirira tiyi ndi madzi a phirili, ena amapukusa nawo magetsi pa Ruo ndi pa Lujeri. Amalemba anthu ntchito, amabweretsa ndalama zakunja, ena amathandizako sukulu ndi zipatala, sindikutsutsa. Koma tikamadzudzula munthu wolima chinangwa ndi nanazi pamtsetse, tizifunsanso kuti pansi pachigwa pali chiyani chimene chidamukankhira pamwamba. Chimodzimodzi makala. M'dziko limene mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, thumba lililonse lotsika panjinga m'bandakucha lili ndi mbaula imene ikulidikira m'tauni. Mzinda ukudya phirili mbali ziwiri, pampopi ndi pambaula, kenaka n'kumatumiza akatswiri kukaphunzitsa anthu a kumudzi ubwino wa mitengo.

Tikapita kumisonkhano ya mayiko timayankhula bwino kwambiri. Timati mayiko amene adalemera potentha malasha ndi mafuta alipire ife amene tikukokoloka, pakuti utsi wathu ndi wochepa zedi. Ku Sharm el-Sheikh mu 2022 mayiko adagwirizana zokhazikitsa thumba la ndalama la zowonongeka ndi zotayika chifukwa cha nyengo. Mfundo yathu ndi yakuti wopindula alipire wosenza mavuto, ndipo sichikhala chithandizo, imakhala ngongole. Ndi mfundo yolondola. Koma sitingaiyimbe ku Egypt n'kudzaikana pa Chitakale. Zimene phirili limalandira lero kuchokera kwa akumwa ndi mphatso: mbande chaka chino, njinga za alonda chaka chamawa, chaka chinacho zii chifukwa bajeti yavuta. Mphatso mwini wake amapereka akafuna, ndipo wolandira amayenera kuwomba m'manja.

Tiyeni tiwerenge. Malita 20 miliyoni ndi ndowa 1 miliyoni za malita 20. Paipi ya Likhubula ikamayenda modzaza, kwacha imodzi yokha pandowa iliyonse ingapange K1 miliyoni patsiku, K365 miliyoni pachaka. Makwacha asanu pandowa angapose K1.8 biliyoni. Apo sitinawerenge maesiteti, opukusa magetsi, ndi onse amene ali ndi chilolezo chotapa madzi m'mitsinje ya phirili. Chimene ndikufuna ndi lamulo lakuti gawo lodziwika la ndalama za madzi a Mulanje lizibwerera ku Mulanje ndi ku Phalombe mwezi ndi mwezi, lolembedwa poyera pabilu, ngati mmene timaonera ndalama zina zonse.

Andiyankha kuti amalipira kale, chifukwa lamulo la madzi la 2013 lidakhazikitsa National Water Resources Authority imene imapereka zilolezo ndi kutolera ndalama kwa otapa madzi. Chabwino. Ndiye atiuze kuti otapa m'mitsinje ya Mulanje adalipira zingati chaka chatha, ndipo mwa zimenezo zingati zidakwera phiri. Andiyankhanso kuti ndikufuna kukwezera madzi mayi wa ku Ndirande kapena ku Bangwe amene amagula kale ndowa pakiyosiki modula. Ameneyo asakhudzidwe. Alipire ndi mafakitale, mahotela, ndi nyumba zothirira kapinga mu Okutobala, komanso zichokere pandalama za magetsi zimene mzinda ukupulumutsa pa lita iliyonse imene sidapopedwe ku Walker's Ferry.

Yankho lachitatu ndilo lolemera: ndalamazo zidzabedwa. Apa a ku Lesotho ali ndi zotiphunzitsa. Kuchokera papangano la 1986, South Africa imalipira Lesotho chifukwa cha madzi a m'mapiri a Maloti amene amachoka kudamu la Katse kupita ku Gauteng. Choncho zoti madzi a m'phiri ali ndi mtengo si maloto anga, zikuchitika m'chigawo chathu chomwechino. Koma ndalamazo zimalowa kuboma ku Maseru, midzi ina yoyandikana ndi madamuwo yakhala ikudandaula za madzi akumwa ndi za chipukuta misozi, ndipo mkulu woyamba wa ntchitoyi, Masupha Sole, adamangidwa mu 2002 chifukwa cholandira ziphuphu. Ndalama zikayenda ulendo wautali zimatayikira m'njira. Zathu zisakalowe muakaunti yaikulu ya boma ku Lilongwe. Zikhale m'thumba lakelake, m'komiti yake mukhale anthu osankhidwa ndi midzi yozungulira phiri, amayi ali momwemo, ndipo zolowa ndi zotuluka zizimatidwa pamisika ya Likhubula, Muloza ndi Phalombe m'Chichewa chomveka. Ku Kenya, kuyambira mu 2015, makampani ndi bungwe la madzi la Nairobi amaponya ndalama m'thumba lothandiza alimi a kumtunda kwa mtsinje wa Tana kuteteza nthaka yawo. Kuno kwathu Lilongwe Water Board idalipirirapo asilikali olondera nkhalango ya Dzalanyama. Mfundo yoti wakumwa alipire gwero idavomerezedwa kale pamenepo, kungoti ndalamazo zidapita ku mfuti.

Za Mulanje zipite ku ntchito, ndipo ntchitoyo si mwambo wobzala mitengo uja. Timaudziwa tonse: Disembala akafika, nduna ifika ndi khasu latsopano, matisheti agawidwa, kamera ijambula, aliyense abwerera. Mbande siifa pa tsiku lobzala. Imafa mu Seputembala ndi Okutobala, moto wa alenje ukamayenda m'udzu wouma kulibe woulonda. Kuyambira mu 2016 bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi Forestry Research Institute of Malawi ndi Botanic Gardens Conservation International, lidathandiza midzi kukhazikitsa nazale za mkungudza, anthu n'kufesa mbande zikwizikwi, kuzigulitsa, ndi kuzisenza kukwera nazo phiri. Ndi ntchito yabwino, yosonyeza kuti anthu omwe timawanena aja akalipidwa amasamala. Koma ndalama za mapulojekiti zimatha pakapita zaka zitatu kapena zisanu, pamene mkungudza umafuna zaka makumimakumi kuti ukhwime. Kulambula njira zotchinga moto, kuzula paini wophukira, kulondera, kuyeza kuchuluka kwa madzi m'mitsinje, kukonza malo otapira madzi a m'midzi, zonsezi zimabwerera chaka ndi chaka ngati kulima. Zimafuna malipiro a pamwezi. Ndipo odziwa njira iliyonse ya m'phirimo, amene angafike pamoto usanakule, ndi anyamata osenza matabwa aja.

Ndiwonjezepo chenjezo kwa okonda kuwerenga mitengo yobzalidwa: si mtengo uliwonse umathandiza mtsinje. Paini ndi bulugamu zikabzalidwa pazidikha za udzu kapena pamagwero zimamwa madzi ambiri kuposa udzu umene zaulowa m'malo. Udzu wa pamwamba pa Mulanje si malo ongokhala oyembekezera mbande. Uli pantchito kale.

Zidikha zomwezo ndi zimene ena akuzilozera zala chifukwa cha mgodi. Mu 1924 katswiri wa miyala Frank Dixey adapeza bauxite pa Lichenya, ndipo kuyambira pamenepo maganizo okumba amagona n'kudzuka, boma lililonse likasowa ndalama zakunja. Bauxite sakhala pansi patali poti n'kumuboolera dzenje. Amakhala chapamwamba, ndipo pomukumba amasenda nthaka yonse ngati chikopa. Nthaka imeneyo ndi imene imasunga madzi a Lichenya ndi mitsinje inzake. Boma lomwelo lidabwereka madola 23.5 miliyoni kuti liyale paipi yodalira phirili, silingatembenuke n'kupereka chilolezo chosenda pamwamba pake. Mgodi umatha m'zaka zowerengeka, kampani n'kupakira, koma Blantyre, Milange ndi Chilwa zidzafunabe madzi.

Mu Julayi 2025 UNESCO idalemba Phiri la Mulanje pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, lachitatu m'Malawi pambuyo pa paki ya Nyanja ya Malawi ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni. Idalilemba chifukwa cha chikhalidwe cha Amang'anja, Ayao ndi Alomwe amene amalilemekeza ngati mudzi wa mizimu. Tidakondwera, ndipo kunali koyenera. Koma UNESCO yomweyo idalizindikira kale phirili mu 2000 ngati malo osungira zamoyo, ndipo mkungudza udachekedwa mpaka kutsala isanu ndi iwiri chikalatacho chili pakhoma. Aphungu a ku Mulanje ndi ku Phalombe ali ndi mafunso atatu oti akafunse m'Nyumba ya Malamulo, nduna ziyankhe ndi manambala: ndi ziphaso zingati zofufuza kapena kukumba miyala zimene zikadali zamoyo mkati mwa nkhalango ya Mulanje, Likhubula ankatsika ndi madzi ochuluka bwanji mu Okutobala chaka chilichonse kuyambira 2019, ndipo otapa madzi a phirili adalipira ndalama zingati zimene zidafika kwa wolambula njira ya moto pa Chambe.